Mthiko Ucokera kwa Amai

 

Pamene tasonkhana kuno ku Mkaika kudzalamba Kalonga Gawa Undi, tiloleni tiyamike anthu amene sawerengedwa pa ndandanda ya olankhula: amai ndi agogo amene afuka ndi utsi ku mafuwa kuyambira m'bandakuca.

Ife Acewa timatsata mtundu wa kucikazi, ndipo mthiko nawonso umatsata njira yomweyo. Mwana wamkazi amayambira ku masanje ndi kamphika kophwanyika. Mawa lace agogo amampatsa musi, kenaka licero. Sadziwa kuti ali pa sukulu. Kumeneko amaphunzira kuviika mphale kuti ufa uyere, kuvundula nsima isacite mibulu, ndi kuomola ndi cipande conyowetsa.

Koma luso lenileni lili pa ndiwo. Agogo amatentha zitsononkho, naceza phulusalo ndi madzi kuti apeze cidulo cofewetsa therere. Nthawi ya dzinja amafutsa masamba a khobwe ndi a maungu, nawasunga m'cikwatu, kuti pa cilimwe banja lidye mfutso wotendera. Ndani wa ife analawa zimenezi naiwala kwao?

Nkhawa yathu ndi iyi. Adzukulu obadwira ku Lusaka ndi ku Kitwe amadziwa soda wa m'sitolo, cidulo sacidziwa. Siife odana ndi sitolo, ai. Tingopempha inu amai a m'tauni kuti pa chuti muwatumize anawo kumudzi, agogo awo akali ndi mphamvu zogwira mthiko.