Nzeru Zitsate Ntchito ya Mlimi: Phunziro la Chilala cha ku Cape Town



Kuchokera mu 2015 kufikira mu 2018, chigawo cha Western Cape ku South Africa chinakanthidwa ndi chilala choopsa. Damu lalikulu la Theewaterskloof linaphwa kwambiri, ndipo mu February 2018 munthu aliyense mu mzinda wa Cape Town ankaloledwa malita 50 okha a madzi pa tsiku. Alimi a mphesa ndi zipatso zina nawonso anawachepetsera madzi othirira. Funso la mlimi linali limodzi: madzi ochepawa apite munda uti sabata ino?

Chilalacho chisanadze, dipatimenti ya zaulimi ya chigawochi inali itakhazikitsa kale ndondomeko yotchedwa FruitLook. Pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti, ndondomekoyi inkaonetsa mlimi, kwaulere, kuchuluka kwa madzi amene mbewu zake zamwa ndi momwe zakulira. Mphamvu yake siinali pa makina ayi, koma poti inkayankha sabata ndi sabata, munda ndi munda, monga momwe mlimi amakonzera kuthirira kwake. Komabe chithunzi chimangoloza pamene mbewu zafooka. Chifukwa chake amachipeza ndi mlangizi amene wafika m'mundamo.

Motero bungwe lofuna kusunga ndi kugawa nzeru zake lisayambe ndi kugula makompyuta. Liyambe ndi mafunso atatu.

Loyamba: ndi ntchito iti imene nzeruzi zidzathandize? Kusankha mbewu, kuthirira ndi kugulitsa zokolola, iliyonse ili ndi zofunika zake.

Lachiwiri: zifike liti? Malangizo a ntchemberezandonda, zimene zinavuta ku Malawi ndi ku Zambia mu 2017, amapindula chimanga chikadali chaching'ono. Akachedwa, mbozi zimakhala zitalowa kale mu mtima wa phesi. Madzi akatayika saoleka.

Lachitatu: zibwerere kwa yani? Lipoti la mlangizi likangokwera ku likulu osabwera yankho, wolembayo amagwa ulesi. Zimene waona kumudzi ziyenera kufika kwa akatswiri a ku Chitedze kapena ku Mount Makulu, ndipo yankho litsike msanga.

Potsiriza, nzeru zambiri zili m'mitu ya alangizi okhalitsa. Asanapume pa ntchito kapena kusamutsidwa, nkofunika kuti alembe za nthaka, mvula ndi matenda a mbewu a m'dera lawo, ndi kuyenda nyengo imodzi ndi wowalowa m'malo. Akapanda kutero, mlimi amalipira kawiri phunziro limene analipira kale.