Chilonda Chimene Amayi Sitinena

Amayi a Mvano, amayi abusa, alangizi athu, ndi inu azibambo mwabwera kudzatiperekeza, tikupempha mutikhululukire, pakuti lero tinena za kuchipinda pabwalo. Tawerenga zaka zathu ndi kukondwa, koma pali misozi ina imene siilembedwa m'buku la mlembi.

Ambiri a ife pochira anationjezera njira. Namwino amadula pang'ono kumusi kuti mwana atuluke msanga pamene zavuta, pambuyo pake nasoka. Kale ankachita izi kwa achisamba ambiri. M'chaka cha 2018 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti asamadule mayi aliyense mwachizolowezi, koma pokhapo pali chifukwa. Tsono kufunsa kuti "Mwandidula chifukwa ninji?" si mwano ayi.

Poyendera odwala m'makomboni tinapeza mtsikana wina akhalira ntchafu imodzi pamkeka. Mwana anali wa miyezi inayi, koma iye akafika kwa bambo wa kunyumba amamva ngati lumo. Bamboyo anayamba kunena kuti mkazi wanga ali ndi wina. Apongozi anati ndi ulesi. Banja linatsala pang'ono kutha. Titapita naye kuchipatala anapeza kuti posokapo sipanapole bwino, nam'thandiza. Lero ali pamodzi.

Amayi, chilondachi chimafuna masabata angapo. Ulusi umasungunuka wokha, musausolole. Sambani ndi madzi oyera, pukutani pofewa, sinthani nsalu kawirikawiri. Musathowe ndi madzi owotcha, musaikemo zitsamba. Imwani madzi ambiri, idyani masamba ndi mapapaya kuti musadzimbidwe, popeza kudzikakamiza kuchimbudzi kumakoka chilonda. Mukaona mafinya, fungo loipa, kutupa, kutentha thupi kapena chilonda chikatseguka, musadikire Lachinayi kuti mutiuze. Thamangirani ku kiliniki ya pa esiteti, ku Thyolo boma kapena ku Malamulo. Ngati mkodzo kapena chimbudzi chikutuluka chokha, si ufiti. Madokotala amakonza, ku Queens ku Blantyre ndi ku Bwaila ku Lilongwe.

Pa masabata 6 bwererani kusikelo, ndipo musangoyezetsa mwana yekha. Nenani, "Anamwino, ndioneni inenso." Dziwaninso kuti mayi woyamwitsa amauma kumusi chifukwa cha kusintha kwa thupi, ndipo izi zimaonjezera ululu. Si kuti chikondi chatha.

Inu othyola tiyi, dengu lodzaza kumsana pa zitunda zathuzi si la mayi wa chilonda chachiwisi. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 linapatsa mayi masabata 8 opuma ndi malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu. Lifunseni kuofesi mopanda mantha.

Azibambo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku loyambiranso za m'nyumba silitchulidwa ndi apongozi kapena kalendala yokha. Mufunseni mnzanuyo ngati wapola, ndipo akati zikuwawa, lekani, mupite naye kuchipatala. M'mene mukudikiramo, tungani madzi, tolani nkhuni.

Alangizi, ife tinaphunzitsa atsikana kupirira, ndipo ena apirira mpaka kuwola. Kuyambira lero, tikapita kukaona chikuta, titanyamula sopo ndi ufa, tisangoyang'ana khanda. Tim'tengere mayi pambali, tim'funse motsitsa mawu kuti, "Mwanawe, nanga kumusiko kuli bwanji?"