Kupangana za Malipiro Nchito Isanayambe

Ku Mkaika, pafupi ndi Katete, kumene kuli likulu la Kalonga Gawa Undi, mwana amaphunzitsidwa kuti asaculutse mau pamaso pa akulu. Mwambo umenewu ndi wabwino ndithu. Koma mnyamata yemweyo akafika pa sitolo ku Chipata kapena pa ofesi ya mgodi ku Solwezi, bwana namfunsa kuti, "Kodi ufuna ndarama zingati pa mwezi?" kawirikawiri amangowerama, nati, "Mudzaona ndinu, bwana." Yankho lotere limamtayitsa ndarama zambiri, pakuti zonse zimene adzamuonjezera m'tsogolo zidzawerengedwa kucokera pa malipiro oyambawo.

Cikhalireco kumudzi anthu adziwa kupangana. Mnyamata akapita kukaweta ng'ombe za munthu wina, makolo ace amayamba amvana ndi mwini khola kuti pakatha zaka zitatu kapena zinai mwanayo adzalandira ng'ombe imodzi, ndipo amafunsitsa ngati idzakhala yaikazi kapena yamphongo, popeza yaikazi imabala. Ubusa wotere umalanda ana sukulu, ndipo nkoyenera kuti uleke. Koma kufunsitsa kuja ndiko kumasowa pa ofesi.

Akale amene anakwera malole a Ulere kunka ku mapulazi a ku Halale, ndi ena amene analembedwa ndi Mthandizi kapena Wenela, analibe mpata wopangana. Mtengo unali woikidwa kale, ndipo munthu anangodinda cala. Malipiro anali kuwerengedwa pa tikiti ya masiku 30 ogwira nchito. Wosadziwa anali kuyesa kuti tikiti ndi mwezi, koma Sabata silinali kuwerengedwa, tsiku lodwala kapitao sanali kulemba, motero tikiti imodzi inali kutha masabata asanu kapena kuposa. Safunsa anadya phula.

Ku migodi ya mkuwa anthu anaona kuti munthu mmodzi alibe mau. M'caka ca 1940 anchito anacita sitalaka pofuna malipiro abwino, ndipo anthu 17 anafa ku Nkana ataomberedwa ndi asilikari. M'caka ca 1949 bungwe la African Mineworkers' Union linakhazikika, mtsogoleri wace Lawrence Katilungu. Mu October 1952 anapempha kuti awaonjezere 2s. 8d. pa tsiku, naleka nchito masabata atatu mwabata. Woweruza wocokera ku Cambridge, C. W. Guillebaud, anagamula m'caka ca 1953 kuti aonjezeredwe 1s. 2d. kufikira 1s. 8d. Sanalandire zonse, koma analandira zambiri cifukwa anachula mtengo poyera, nafotokoza cifukwa cace.

Wofuna nchito lero ali ndi cothandiza cimene agogo ace analibe. Boma limaika malipiro ocepetsetsa amene wolemba nchito saloledwa kutsikirapo. Mwacitsanzo, mu January 2024 wanchito wa m'nyumba anamuikira K1,300 pa mwezi, kuphatikizapo ya ulendo. Tsono munthu asanapite kukaonana ndi bwana, ayambe wafunsa ku ofesi ya Leba, afunsenso anzace ogwira nchito yonga yomweyo. Awerengere lendi, thumba la ufa, basi ndi zofunika za ana ku sukulu. Pochula mtengo achule wokwererapo pang'ono, mwaulemu, nanene zimene manja ace adziwa, kaya ndi kuyendetsa thirakita, kuocherera zitsulo kapena kusunga mabuku a sitolo. Bwana wanzeru sakwiya nazo. Iyenso amatsatsa malonda ace tsiku ndi tsiku.

Pali msampha wina wofanana ndi tikiti ija. Ndarama imene bwana achula si imene imafika m'thumba, pakuti amacotsapo 5 pa 100 ya NAPSA, 1 pa 100 ya NHIMA, ndiponso msonkho ngati malipiro ali okwera. Nkofunika kufunsa kuti yotsala idzakhala zingati, ngati nyumba ndi cakudya ca masana ziri momwemo, ndi mtengo wa maola opitirira. Lamulo la Employment Code Act la 2019 linena kuti pangano la nchito ya miyezi 6 kapena kuposa lilembedwe pa pepala. Wanchito aliwerenge asanasaine, kapena wina amuwerengere m'Cinyanja, ndipo atenge pepala lacelace akasunge kunyumba.