Njere ya chamba ndi zomwe imabisa isanamere

 Lero pa pulogalamu yathu ya za chilengedwe tikamba za chamba, chomera chomwe ambiri akamachitchula amayamba atsitsa mawu. Chiyambireni pomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza, mu February 2020, lamulo lolola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, pali anthu omwe amaganiza kuti chatsala n'kungopeza njere zingapo, kuzimeretsa m'chitini, n'kuziwokera kuseri kwa nyumba. Ine ndikuti ayi. Njere ya chamba siulula chomwe yasunga, choncho wofuna kuyamba ulimiwu ayambire pa chiphaso ndi pa mbewu yodziwika komwe yachokera. Lamulo likutero, inde, koma chibadwa cha chomeracho chikutero kwambiri kuposa lamulolo.

Tiyambe taiyang'anitsitsa njereyo. Ndi yaing'ono, yobulungira pang'ono, ya chikhakha cholimba chotuwira, nthawi zina chokhala ndi timizeremizere takuda. Mkati mwake muli mafuta pafupifupi magawo 30 pa 100 aliwonse komanso zakudya zomanga thupi, ndipo n'chifukwa chake m'maiko ena amaifinya mafuta odyera ndi odzola. Ikapeza chinyezi, kutenthera ndi mpweya, imafufuma, chikhakha n'kung'ambika kunsonga, ndipo pasanathe sabata kamuzu koyera kamatuluka n'kuloza pansi. Kenako katsinde kamatumphuka kali chowerama, n'kudzuka katasenza timasamba tiwiri tosalala, topanda mano. Pambuyo pake m'pomwe pamabwera masamba enieni a m'mbali mwa manomano: oyamba amakhala a chala chimodzi, otsatira zala zitatu, kenako zisanu, mpaka asanduke dzanja lija lomwe aliyense amalizindikira. Kumera kotereku n'kosavuta, ndipo m'pomwe pagona msampha. Pa masiku onsewa mlimi amaona mbande yokongola, koma pa zinthu zitatu zomwe zidzagamule phindu lake kapena tsoka lake, palibe ndi chimodzi chomwe chimene amachiona.

Choyamba, sadziwa ngati mbandeyo ndi yaimuna kapena yaikazi. Chamba, chomwe katswiri wa zomera Carl Linnaeus adachitcha Cannabis sativa mu 1753, kawirikawiri chimabereka maluwa aamuna pa tsinde lina, aakazi pa tsinde lina. Kusiyanaku kumaoneka patapita masabata angapo, pamene chachimuna chatulutsa timipira tolendewera tokhala ndi mungu, ndipo chachikazi chatulutsa titsitsi tiwiritiwiri toyera m'mphanda za nthambi. Pa njere wamba, pafupifupi theka zimatuluka zazimuna. Chachiwiri, sadziwa mphamvu ya chomeracho. Mankhwala oledzeretsa otchedwa THC, omwe Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni adawapatula ku Israel mu 1964, amapangidwa mu utomoni wa pa maluwa aakazi, osati mkati mwa njere. Lamulo lathu limati chamba cha m'mafakitale chisapyole gawo limodzi pa 100 la THC, pomwe ku United States malire ake ndi 0.3 pa 100. Koma njere ya chamba cha ulusi ndi ya chamba choledzeretsa n'zofanana m'maso, ndipo zomera zake ndi mtundu umodzi. Chosiyanitsa ndi makina a ku labotale, ndipo pofika nthawi yoyeza mlimi amakhala atawononga kale thukuta ndi feteleza.

Chachitatu ndi nkhani ya kutalika kwa tsiku, yomwe ambiri saiganizira n'komwe. Chamba chimayamba maluwa chikaona kuti usiku watalika. Mbewu zambiri za ulusi zidakonzedwera maiko ngati France ndi Canada, komwe m'chilimwe chawo dzuwa limawala maola pafupifupi 16, ndipo kumeneko chomera chimakula mpaka mamita atatu kapena anayi chisanachite maluwa. Kuno kwathu tsiku limangosinthasintha pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse. Mbewu yomweyo ikabwera ku Lilongwe kapena ku Kasungu imaona ngati nyengo yatha, n'kuthamangira kuchita maluwa ikadali yopinimbira, ulusi wake wosapindulitsa. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe mbewu zochokera kunja zidayamba zayesedwa kaye ku malo a kafukufuku a Chitedze lamulo lisanakhazikitsidwe. Wogula njere pa intaneti kapena kwa munthu wodutsa sapeza chitetezo chimenechi.

Kuonjezera apo, chamba cha kuseri kwa nyumba sichithera kuseri kwa nyumbako. Mungu wake ndi wopepuka, umauluka ndi mphepo mtunda wa makilomita angapo. Alimi a chimanga mukudziwa zomwe zimachitika mnzanu akadzala chimanga chachikasu moyandikana nanu: ngayaye zake zimathira ufa pa ndevu za chimanga chanu choyera, ndipo pokolola mumapeza chisononkho chamawangamawanga. Chimodzimodzinso chamba, kungoti apa chosakanikiracho sichioneka ndi maso. Tsinde limodzi lachimuna losadziwika likhoza kuwononga munda wa mlimi wa chamba cha mankhwala, chifukwa duwa lachikazi likalandira mungu limaika mphamvu zake pa njere m'malo mwa utomoni. Likhozanso kukweza THC mu mbewu ya chaka chamawa ya mlimi wa ulusi mpaka idumphe malire a lamulo. Ndipo pali chuma china chomwe chili pa chiopsezo. Chamba chathu chamakolo, chomwe dziko lapansi limachidziwa ndi dzina loti Malawi Gold ndipo chimatchulidwa pamodzi ndi Nkhotakota, chidazolowera dzuwa ndi nthaka ya kuno kwa mibadwomibadwo. Chikasakanikirana mwachisawawa ndi mbewu zobwera, palibe amene angachibwezeretse mwakale.

Wina anena kuti makolo athu ankasunga mbewu popanda pepala la boma, nanga ife tavutiranji? Funso limeneli ndi lanzeru ndipo lisapeputsidwe, pakuti ndi alimi a kumudzi omwe adasunga mbewu yomwe lero akunja amaisirira. Koma makolowo ankasunga mbewu imodzi m'dera lomwe mudalibe ina yoisokoneza, ndipo padalibe wogula wofunsa kuti THC yafika pati. Lero msika wa mankhwala umafuna kudziwa mbewu, munda ndi zotsatira za ku labotale usanatulutse ndalama. Luso losankha mbewu lomwe alimi ali nalo likufunikabe, koma lokha silingaone zomwe zili mu utomoni.

Wina anena kuti chiphaso ndi cha anthu olemera, ndipo mlimi wamba wangotsekeredwa kunja. Apa pali choonadi, pakuti alimi ang'onoang'ono akhala akudandaula za kukwera kwa ndalama zolipira ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority, ndipo mbewu yovomerezeka nayo siyotchipa. Dandaulo limeneli liyenera kumveka mpaka mitengo itsike. Komabe yankho lake si kudzala mobisa, chifukwa wodzala mobisa alibe mlangizi, alibe wogula wovomerezeka, ndipo akagwidwa amataya mbewu ndi ufulu womwe. Njira yokhala ndi tsogolo ndi ya makopaletivi, komwe alimi amasonkherana chiphaso, nazale ndi msika, komanso kukakamiza boma kuti akatswiri athu a kafukufuku apange mbewu yoyenera dzuwa la kuno, yomwe mlimi wa ku Ntchisi angaigule ndi makwacha. Ena amalozanso ku South Africa, komwe khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kudzala chamba chogwiritsa ntchito yekha pamalo pake. Zimenezo n'zoona, ndipo abale athu omwe ali ku Johannesburg amaziona. Koma chigamulo chimenecho chimathera pa malire a dzikolo. Kuno kudzala chamba popanda chiphaso ndi mlandu, kaya ndi munda kaya ndi mbande imodzi m'chitini.

Palinso ena omwe akumva pulogalamu ino mtima uli m'mwamba, poopa kuti kukamba za chamba pa wailesi n'kulimbikitsa ana kusuta. Nkhawa imeneyi ndi yanganso. Ofufuza za umoyo adapeza kuti kusuta chamba champhamvu pafupipafupi, makamaka kuyambira pa unyamata pamene ubongo ukukulabe, kumaonjezera chiopsezo cha matenda a maganizo. Koma kukhala chete sikunatetezepo mwana. Mnyamata wodziwa kuti chomera chimenechi chidachokera ku Asia, kuti ku China adapota nacho zingwe ndi kuwomba nsalu kwa zaka zikwizikwi, kuti phindu lake lili mu ulusi, mafuta ndi mankhwala oyezedwa bwino, ndiye amene angasiyanitse ulimi ndi chizolowezi chowononga moyo.

Choncho ngati ulimiwu wakukopani, njereyo muyambe mwaisiya. Pitani kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu, funsani ku Cannabis Regulatory Authority za chiphaso, pezani anzanu mupange gulu, ndipo musalandire mbewu yomwe wogulitsa sangakuuzeni dzina lake, komwe idayesedwa ndi mlingo wake wa THC.