Denga la Nyumba ya Zisudzo Alisenze Ndani?

Munthu amene akuchokera ku Balaka kupita ku Blantyre kudzera msewu wa Zalewa sangaphonye Phalula. Basi ikangoima, ogulitsa malonda amathamangira kumazenera, ndipo wapaulendo amaona msika, matchalitchi, sukulu ndi mitengo ya mithunzi. Monga m'malo ambiri a kumidzi, zisudzo za kuno sizidikira nyumba yomangidwira ntchito imeneyo ai. Bwalo la sukulu likwana, khonde la tchalitchi likwana, ngakhale tsinde la mtengo likwana. Anthu akapanga bwalo, ng'oma ikalira, seŵero layamba.

Komatu msewu womwewo, ukawoloka Shire pa Zalewa ndi kudutsa Lirangwe ndi Lunzu, umafika mumzinda wa Blantyre, ndipo kumeneko, ku Chichiri, kuli nyumba ya zisudzo imene mbiri yake iyenera kumveka ku Phalula. Ndi mbiri ya malo amene anatchuka, kenaka anagwa, ndipo pofuna kuwadzutsa anthu anagwirizana pa zina nakangana pa zina. Phunziro lake likhudza mudzi uliwonse umene uli ndi holo, chitsime kapena mlatho zimene anthu amati ndi za onse.

Malowo ankatchedwa French Cultural Centre. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 boma la France ndilo linkawayendetsa. Munali zipinda zophunziriramo Chifalansa, nyumba yoŵerengeramo mabuku, holo ya m'kati, ndiponso bwalo lalikulu la panja lofoleredwa ndi udzu. Bwalo limeneli ndilo linasanduka kwawo kwa zisudzo za m'Malaŵi. Lamulungu masana anthu a ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe ndi Chilomoni ankakhamukira kumeneko, ndipo wochedwa ankaonera chiimire.

Pansanja imeneyo ndi pamene Du Chisiza Jnr anakulitsira dzina lake. Iye anayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ndipo anasonyeza kuti munthu angathe kudya thukuta la zisudzo monga mmene mlimi adyera thukuta la khasu. M'masiku a chipani chimodzi, pamene mau ankasankhidwa mosamala, maseŵero ake ankanena mophiphiritsa zimene anthu ankangonong'onezana. Atamwalira mu 1999, Gertrude Kamkwatira anapitiriza ntchitoyo, ndipo pambuyo pake anakhazikitsa gulu lake la Wanna-Do, kufikira pamene nayenso anatsikira kuli chete mu 2006. Gulu la Kwathu, lochita zisudzo m'Chicheŵa, linkadzaza bwalolo mpaka kusoŵa popondera, ndipo John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko lonse linkawadziŵa kuti Izeki ndi Jakobo, ankaseketsa anthu mpaka nthiti kuŵaŵa. Oimba, alakatuli ndi ojambula zithunzi nawonso ankapeza malo pamenepo.

Zinthu zinatembenuka mu 2011. Afalansa anatseka malowo nawagulitsa ku boma la Malaŵi pa mtengo wa K300 miliyoni. Ambiri anakondwa, nati tsopano nyumbayo yabwera m'manja mwa eni dziko. Koma chikondwererocho sichinakhalitse. M'nyengo imene mwini wakale anali atachoka ndipo mwini watsopano anali asanakhazikike, akuba analoŵa naphwasula malowo, natenga katundu amene anasonkhanitsidwa pa zaka zambiri. Nyumba imene inkasamalidwa ngati dzira inasanduka bwinja. Boma linaipatsa dzina latsopano lakuti Blantyre Cultural Centre, koma dzina silifolera denga.

Apa ndi pamene mtima wodzipereka unaonekera. Anthu a zaluso sanafune kuti bwalo lawo life. Ngakhale kuti denga la udzu linali kuwola, zimbudzi zinali zowonongeka, ndipo zipangizo zinali zitapita, iwo anabwererako. Wofuna kuonetsa seŵero kapena kuimba ankayamba wakonza pamalopo, nabwereka zokuzira mau ndi zounikira kwina. Chikondwerero cha Blantyre Arts Festival, chimene Thom Chibambo anayambitsa mu 2009, chinachitikira pamalo omwewo zaka zingapo ali osakonzedwa. Alakatuli anapitiriza kusonkhanapo, a Kwathu anapitiriza kuseŵerapo, ndipo anthu anapitiriza kulipira pakhomo. Khama limeneli linachita chinthu chimodzi chachikulu: linaletsa dziko kuiŵala kuti ku Chichiri kuli nyumba yoyenera kudzutsidwa. Bwinja limene anthu aleka kupitako silichedwa kupatsidwa ntchito ina.

Koma tsache ndi chikwakwa zili ndi malire ake. Munthu wodzipereka angasese, angatchetche udzu, angapake penti, koma sangagule mawaya a magetsi a nyumba yonse, ndiponso alibe mphamvu yogwetsa khoma la nyumba ya boma kapena kulemba ntchito mlonda. Ntchito yaikulu inali kudikira mwini wake. Boma linayamba kukonza malowo m'magawo, koma ntchitoyo inkayenda ndi kuima, kuyenda ndi kuima. Pofika mu 2021, zaka 10 chigulire malowo, inali isanathe. Mikangano inabuka, ndipo inali ya mitundu itatu.

Mkangano woyamba unali wa ndalama. A boma ankanena kuti thumba ndi limodzi koma olira ndi ambiri: zipatala zifuna mankhwala, alimi afuna feteleza, sukulu zifuna mabuku. Mau ameneŵa sali opanda nzeru, ndipo mayi wa ku Phalula amene wabwerera kuchipatala wopanda mankhwala angawavomereze msanga. Koma anthu a zaluso ankayankha kuti nawonso ndi antchito, ali ndi ana ofuna fizi ndi nsima, ndipo bwalolo ndilo munda wawo. Ankaonjeza kuti nyumba ikachedwa kukonzedwa mtengo wake umakwera, pakuti mvula ya chaka chilichonse imakulitsa ming'alu, ndipo kwacha ya chaka chino sigula zimene inagula chaka chatha.

Mkangano wachiŵiri unali pakati pa anthu a zaluso eni ake. Ena ankati malowo atsekedwe kotheratu kuti amisiri agwire ntchito popanda chosokoneza. Ena ankakana, nati kutseka bwalo ndiko kutseka pakamwa pawo, popeza malo ena a mumzindamo, monga mahotela ndi maholo a eni, mtengo wake gulu laling'ono la zisudzo silingaukwanitse. Onse aŵiri anali ndi mfundo. Bwalo likakhala lotsegula lili lowonongeka, mwini wake amazoloŵera kuliona lotero. Likatsekedwa nthaŵi yaitali, oonera amabalalika, ndipo ana amakula osadziŵa kukoma kwa seŵero la pamaso.

Mkangano wachitatu ndiwo unali muzu wa yonse: kodi malowo ayendetse ndani? Ena ankati akhale m'manja mwa nthambi ya boma yoona za chikhalidwe, popeza anagulidwa ndi ndalama za msonkho. Ena ankafuna bungwe loima palokha, lokhala ndi anthu a zaluso m'kati mwake, losunga ndalama za pakhomo ndi kuzibwezera pa nyumbayo. Boma linavomereza mfundo zoyendetsera chikhalidwe cha dziko lino mu 2015, ndipo kwa zaka zambiri anthu a zaluso anapempha kuti pakhale khonsolo yoyang'anira ntchito zawo. Pansi pa zonsezi panali funso limodzi losavuta kumva: babu likapsa, agule lina ndani? M'masiku a Afalansa funsoli linali ndi yankho, chifukwa panali mkulu wa malowo, antchito, ndi ndalama zoikidwiratu chaka ndi chaka. Chimene chinachoka mu 2011 si katundu yekha ai, komanso dongosolo limeneli.

Tsono anthu a ku Phalula angafunse kuti zimenezi ziwakhudza bwanji. Yankho lili pafupi ndi kwawo. Boma la Balaka lisanapatulidwe ku Machinga mu 1998, dera lonseli linali boma limodzi, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1980 munachitika ntchito imene akatswiri a zisudzo amaitchulabe. Gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College ku Zomba, limene aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr ankagwira nalo ntchito, linagwirizana ndi a zaumoyo a ku Liwonde, mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ, napita kumidzi ya ku Mwima ndi ku Mbera. Sanapite ndi seŵero lolembedwa kale. Anayamba amva mavuto a anthu, makamaka a madzi akumwa ndi matenda otsegula m'mimba, ndipo anawaumba kukhala seŵero. Seŵerolo likafika pamene pavuta, ochita zisudzo ankatembenukira kwa oonera ndi kuwafunsa chochita. Amfumu, amayi ndi achinyamata ankatsutsana pabwalo pomwepo mpaka kumanga mfundo, ndipo zotsatira zake zinali makomiti a zaumoyo a m'midzi, zitsime zotetezedwa ndi zimbudzi.

Nzeru ya pa chitsime ndi yomweyo ya pa nyumba ya zisudzo. Aliyense wa kumudzi adziŵa kuti mjigo ungabwere ndi a boma kapena a bungwe, koma ukathyoka umakhala chithyokere ngati palibe komiti yotolera ndalama, munthu wosunga zitsulo zokonzera, ndi lamulo la katungidwe ka madzi. Kukumba kumatenga masiku oŵerengeka, kusamala kumatenga moyo wonse. Akulu anati fumbi ndiwe mwini, ndipo chinthu chopanda mwini wodziŵika chimatha aliyense akupenya.

Maiko ena anadutsamo m'njira yomweyi. Ku Zambia, cha m'ma 1970, ophunzira a pa yunivesite ya ku Lusaka pamodzi ndi mphunzitsi wawo Michael Etherton anamanga bwalo la zisudzo la panja ndi manja awo, nalitcha Chikwakwa, dzina la chida chotchetchera udzu. Gulu lawo linayenda m'zigawo za dzikolo kuchita zisudzo m'zinenero za anthu, ndipo mbiri yake inafika kutali, koma bwalo lenilenilo patapita zaka linaleka kugwira ntchito. Ku London nkhani inatha mwina. Sam Wanamaker anayamba mu 1970 kupempha thandizo kuti amangenso nyumba ya zisudzo ya Globe, ya m'masiku a William Shakespeare. Anakumana ndi otsutsa ambiri, ndipo anamwalira mu 1993 ntchito isanathe. Koma popeza anali atakhazikitsa bungwe lokhala ndi malamulo ake, ntchito sinafe naye. Nyumbayo inatsegulidwa mu 1997, ili ndi denga la udzu monga linalili bwalo la ku Chichiri. Kumene kunali manja okha ntchito inazilala. Kumene manja anapeza dongosolo ntchito inapirira.

M'dera la Phalula, Utale ndi midzi yozungulira muli nyumba zambiri zimene anthu anaumbira njerwa pa chitukuko chodzithandiza: midadada ya sukulu, maholo a mipingo, nyumba za misonkhano. M'menemo ndi mmene achinyamata amayesera maseŵero a za Edzi, za maukwati a ana ndi za kusamala mitengo. Tsiku lina malata adzachita dzimbiri, chiswe chidzadya mitanda, ndipo wina adzaimirira pamsonkhano nanena kuti nyumbayo ikonzedwe. Anthu adzavomera, pakuti mtima wothandiza susoŵa kumudzi. Koma asanatenge makasu ndi zikwakwa, ayambe akhala pansi, amfumu ali pomwepo, ndi kumanga mfundo zinayi.

Choyamba, adziŵe mwini nyumbayo ndi malo amene yakhalapo, kaya ndi mpingo, sukulu, khonsolo kapena mudzi, ndipo mwiniyo avomereze polemba kuti amene akukonza adzaloledwa kuigwiritsa ntchito. Zimapweteka kusenza mchenga miyezi itatu kenaka kupeza chitseko chokhoma. Chachiŵiri, asankhe wosunga makiyi ndi wolondera, ndipo pasakhale ngakhale usiku umodzi umene nyumbayo ili pakati pa eni aŵiri, pakuti tsoka la ku Chichiri linaloŵera pampata wotero. Chachitatu, pakhale buku la ndalama loŵerengedwa poyera, ndipo pa ndalama za pakhomo za seŵero lililonse, ukwati uliwonse kapena msonkhano uliwonse, gawo lina lipatulidwe kudikira tsiku lodontha denga. Chachinayi, agwirizane za kasinthanidwe, kuti a kwaya, a zisudzo ndi a misonkhano asalimbirane tsiku limodzi.

Mikangano pa ntchito yotere siyenera kuopedwa. Anthu amakangana pa chinthu chimene achikonda, ndipo a ku Mwima ndi ku Mbera anasonyeza kuti kutsutsana pabwalo kungabale chitsime. Choopsa ndi mkangano umene uchitika njerwa zitaumbidwa kale, pamene odzipereka atopa ndipo ayamba kufunsana kumene kunapita ndalama. Wotopa wotero sabweranso ulendo wachiŵiri, ndipo ana ake amaphunzira kuti ntchito ya onse ndi yotaya nthaŵi.

Mutu umodzi susenza denga, amatero akulu. Koma amene anasenzapo denga la nkhokwe adziŵanso kuti mitu yambiri siikwana payokha. Pamafunika mmodzi woŵerenga kuti onse anyamulire pamodzi, pamafunika kudziŵiratu pamene dengalo likukatera, ndipo pamafunika mwini nkhokwe amene adzalifolerenso udzu ukawola. Zitatu zimenezi zikakhalapo, kaya ndi ku Chichiri kaya ndi ku Phalula, ng'oma idzalira, anthu adzakhala pansi, ndipo seŵero lidzayamba.