Kugula Galimoto N'kwa Tsiku Limodzi, Kuidyetsa N'kwa Masiku Onse

Nkhani yathu ya lero ndi yokhudza galimoto zikuluzikulu zamanyado, zimene ambiri timangozitchula kuti ma V8. Funso limene tifuna kuyankha ndi ili: kodi galimoto yotere imadya ndalama zingati mwini wake atatha kale kuigula?

Ine ndimakhala ku Chinyonga, mumzinda wa Blantyre, kufupi ndi msewu waukulu wa Masauko Chipembere umene umalumikiza Blantyre ndi Limbe. M'maŵa uliwonse galimoto zimandandalikana pamsewu umenewu, kuyenda pang'onopang'ono ngati nkhono. Pakati pa maminibasi ndi tigalimoto ting'onoting'ono mumaona Land Cruiser, Lexus, Range Rover ndi Mercedes-Benz. Zina mwa izo zinapangidwa kuti zizithamanga makilomita opitirira 200 pa ola limodzi, koma pano zikupikisana ndi njinga yakapalasa, m'kati muli munthu mmodzi yekha.

Bambo ena oyandikana nawo nyumba anagula Lexus LX 570 yogwirapo kale ntchito. Tsiku limene inafika tonse tinakaizungulira ndi kuwayamikira. Koma patangopita miyezi yoŵerengeka, galimotoyo inayamba kugona pansi pa mtengo wa mango sabata yathunthu, eni ake n'kumakwera minibasi. Nditawafunsa, anandiyankha motere: "Achimwene, ndinaŵerengera ndalama zogulira, koma ndinaiŵala zodyetsera."

Tiyeni tiŵerenge pamodzi zimene bamboŵa anaiŵala. Injini ya Lexus LX 570 ndi ya malita 5.7, ndipo galimotoyo imalemera makilogalamu opitirira 2,600. Poyenda m'tauni imamwa petulo malita pakati pa 18 ndi 20 pa makilomita 100 aliwonse. Kagalimoto konga Toyota Vitz, kolemera makilogalamu pafupifupi 1,000, kamamwa malita 7 kapena kuchepera apo pa mtunda womwewo.

Tiyerekeze kuti munthu amayenda makilomita 40 pa tsiku, kupita ku ntchito, kukatula ana kusukulu ndi kukagula ndiwo ku msika wa Limbe. Pa masiku 25 wayenda makilomita 1,000. Galimoto yaikulu ija yamwa malita 200, pamene yaing'ono yamwa 70. Mu October 2025 bungwe la MERA, limene limakhazikitsa mitengo ya mafuta m'dziko muno, linaika petulo pa K3,499 lita limodzi. Pa mtengo wa nthaŵi imeneyo, woyamba ankalipira pafupifupi K700,000 pa mwezi, pamene wachiŵiri ankalipira K245,000. Onse aŵiri afika ku ntchito nthaŵi imodzi, pakuti pamsewu wodzaza palibe wothamanga kuposa mnzake. Mitengo ya mafuta imasinthasintha, choncho inu ikanipo mtengo umene mwaupeza lero pomwetsera mafuta. Kusiyana kwa malita 130 pa mwezi kudzakhalabe komweko.

Nanga n'chifukwa chiyani galimotozi zimamwa chomwechi? Choyamba ndi kulemera. Nthaŵi iliyonse imene dalaivala aima pa Ginnery Corner kapena pa Chichiri ndi kunyamukanso, injini iyenera kukankha katundu yense uja kuchokera poima, ndipo mphamvu yonseyo imangotayika akaponda mabuleki. Chachiŵiri ndi maulendo afupiafupi. Injini imamwa kwambiri isanatenthe, ndipo kuchokera ku Chinyonga kukafika m'tauni, injini yaikulu imakhala itangoyamba kumene kutentha. Chachitatu ndi mphepo. Galimoto yaitali ndi yotambalala imalimbana ndi mphepo ngati munthu wosenza chitseko. Mukachoka pa liŵiro la makilomita 80 pa ola ndi kufika pa 120, mphamvu ya mphepo yokukanizani imachuluka kopitirira kaŵiri.

Komatu mafuta ndi chiyambi chabe. Posintha oilo, injini ya V8 imafuna malita 7 kapena kuposerapo, pamene kagalimoto kakang'ono kamakhuta ndi malita 3 kapena 4. Matayala ake ndi aakulu ndi okwera mtengo, ndipo aja opyapyala m'mbali, okongola pamaso, sachedwa kung'ambika akamenya dzenje m'nyengo ya dzinja. Inshuwalansi yoteteza galimoto yonse imaŵerengedwa potsata mtengo wa galimotoyo. Msonkho umene bungwe la MRA limatenga galimoto ikamaloŵa m'dziko umakwera potsata kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Chitsulo chikaonongeka, nthaŵi zambiri chimayenera kuitanitsidwa kuchokera ku Johannesburg, Dubai kapena Japan, ndipo si makaniko aliyense amene ali ndi makina oyezera kompyuta ya galimoto zoterezi. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mwina wina amene akumvera ali kumudzi anganene kuti nkhaniyi ndi ya anthu olemera a m'tauni okha. Ayi ndithu, ikukhudza tonsefe. Dziko la Malaŵi lilibe zitsime za mafuta. Petulo ndi dizilo zimabwera kudzera m'madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique ndiponso Dar es Salaam ku Tanzania, ndipo timagula ndi ndalama zakunja, zomwezo zimene timagulira feteleza ndi mankhwala a m'zipatala. Ndalamazi zikachepa, mizere imayamba, monga tinaonera mu 2011, mu 2022 ndi mu 2024. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530. Mwezi womwewo Pulezidenti wa nthaŵi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, analamula kuti mafuta opatsidwa kwa nduna ndi akuluakulu a boma achepetsedwe ndi theka. Mafuta akakwera, mtengo wa minibasi, wa chigayo cha dizilo ndi wa thumba la chimanga umakweranso.

Sitikunena kuti galimoto zamphamvu n'zopanda ntchito. Dokotala kapena mlangizi wa zaulimi wopita kumidzi ya ku Neno kapena ku Chikwawa mvula itagwa amafunadi galimoto yokoka ndi mateyala onse anayi. Chimene tikunena n'chakuti munthu aziyang'ana msewu umene amayendamo masiku onse, osati umene amadutsamo kamodzi pa chaka.

Kwa inu amene muli nayo kale, yambani mwadziŵa mmene imamwera. Dzazani thanki, lembani nambala ya makilomita, yendani monga mwa nthaŵi zonse, kenaka dzazaninso. Gaŵani malita amene mwathira ndi makilomita amene mwayenda, ndi kuchulukitsa ndi 100. Mukatero, onetsetsani kuti mpweya wa m'matayala ndi wokwanira, nyamukani modekha, zimitsani injini mukamadikira nthaŵi yaitali, ndipo phatikizani maulendo ang'onoang'ono kuti akhale ulendo umodzi.

Kwa inu amene mukulingalira zogula, khalani pansi ndi akunyumba kwanu, pepala ndi pensulo zili m'manja. Ŵerengani mafuta, oilo, matayala ndi inshuwalansi za chaka chathunthu, muziike pambali pa fizi ya ana ndi lendi ya nyumba. Ngati chiŵerengerocho chikukupatsani tulo, gulani ndi mtima woyera. Ngati ayi, kumbukirani mtengo wa mango wa ku Chinyonga uja.

Wakutsina khutu ndi mnansi.