Tayala limakalamba ngakhale lisakuyenda

Chimalizireni Fomu 4 ndakhala ndikuthandiza amalume kugalaja. Mwezi wathawu kunabwera kagalimoto kakale ka ku Britain, MGB, ka mipando iwiri. Magalimoto amenewa ankawapanga ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka 1980.

Mwini wake anati matayala tisawakhudze, akadali bwino. Kuwaona, eeh, mizere yake yakuya ndithu. Koma amalume anati ndigwade ndiwerenge manambala anayi a m'mbali mwa tayala. Ndinapeza 3109, kutanthauza kuti linapangidwa sabata ya 31 m'chaka cha 2009. Labala yake inali itauma, timing'alu paliponse. Galimoto ikamangokhala, tayala silidyeka koma limakalamba, ndiye tsiku lina lidzakuphulikirani pakona.

Mawilo ake ndi a masipoko ngati a njinga, mkati muli chubu. Sipoko iliyonse timaigogoda ndi sipanala. Yolimba imalira bwino, yokhwefuka imangoti phu.

Nanga chiwongolero? Timakweza kutsogolo ndi jeke, n'kugwira wilo pamwamba ndi pansi, n'kuligwedeza. Likamasewera, kawirikawiri ndi ma kingpin omwe adyeka chifukwa chomanidwa girisi. MGB ilibenso power steering, moti mpweya ukachepa m'matayala akutsogolo, mikono yanu ndiyo imayamba kudziwa.

Mwina MGB simudzaiyendetsa, koma minibasi ndi njinga za moto mumakwera, eti? Manambala aja aliponso pamenepo. Musanakwere, tangowerama muwerenge. Moyo wanu wagona pa labala imeneyo.